Ku Depok ndi ku Kuta, potsata mapazi a munthu amene ankacheza ndi oponya mabomba

Ndinafika ku Jakarta, m'dziko la Indonesia, usiku, thupi litafooka ndi ndege zitatu kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa ndi Singapore. Kunja kwa bwalo la ndege kunali kutentha kwa chinyontho, ngati kwa ku Nkhotakota mvula ikangokata, koma kopanda kamphepo ka kunyanja. Chimene ndinapitira ndi msonkhano wa anthu ogwira ntchito ndi achinyamata, ndipo za msonkhanowo sindilemba pano. Ndilemba za masiku anayi amene ndinawonjezera ndekha, ndi za munthu amene sindinamuone ndi maso chifukwa anamwalira mu Novembala 2016, Pulofesa Sarlito Wirawan Sarwono, katswiri wa saikoloje (maphunziro a kaganizidwe ka anthu) amene ankafufuza za oponya mabomba.

Dzina lake ndinalimva pa nthawi ya tiyi. Tinkakamba za Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kumene nkhondo inayamba mu Okutobala 2017 pamene anyamata anaukira apolisi ku Mocímboa da Praia. Ine ndinanena zimene ambirife timanena kwathu, kuti munthu wopha anzake m'dzina la Mulungu mutu wake sukoka, kapena wasuta chamba. Mtsikana wina wophunzira za kaganizidwe ka anthu pa Universitas Indonesia anapukusa mutu mwaulemu. Ankanditchula kuti Pak, ndiko kunena bambo. "Pak, aphunzitsi athu anakalowa m'ndende kukawayeza anthu amenewo. Misala sanaipeze." Ndinamupempha kuti andiperekeze kusukulu kwawo.

Yunivesiteyo ili ku Depok, kumwera kwa Jakarta. Tinakwera sitima yamagetsi yopita ku Bogor, yodzaza moti dzanja ukalikweza silitsikanso, n'kutsikira pa siteshoni yotchedwa ndi dzina la yunivesite lomwelo. Mkati mwa mpanda muli nkhalango, nyanja zing'onozing'ono ndi mabasi achikasu onyamula ophunzira. Tinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi nyumba za maphunziro a saikoloje, tikudya mpunga wokazinga, iye n'kumandifotokozera.

Sarlito anabadwa mu 1944 ku Purwokerto, pachilumba cha Java. Anzake ankamutchula kuti Mas Ito. Sanayambire pa uchigawenga ayi. Kafukufuku amene anatengera digiri yake ya udokotala mu 1978 anali wa ophunzira ochita zionetsero, m'nthawi ya Pulezidenti Suharto pamene kukweza mawu kunali kuika khosi pa mpeni. Ankafuna kudziwa chimene chimasiyanitsa atsogoleri a zionetsero ndi anzawo owatsatira mumsewu. Kenako analemba kwambiri za achinyamata, anatsogolera gawo la saikoloje payunivesiteyo, ndipo ankaphunzitsanso apolisi. Ine ndikaona mndandanda umenewu ndimaona funso limodzi lomwe analisenza moyo wake wonse: chimamutulutsa mnyamata m'nyumba ya mayi ake n'kukaima pagulu loopsa n'chiyani? Mabomba ataphulika ku Bali mu 2002, funsolo linangovala malaya ena. Iye ndi anzake anayamba kucheza ndi akaidi a milandu ya mabomba, ndipo mu 2012 anatulutsa buku la uchigawenga ku Indonesia monga amauonera katswiri wa za maganizo. Zimene anapeza ndi zomwe mtsikana uja anandiuza pa tiyi. Ambiri mwa amunawo anali anthu wamba, okonda akazi awo ndi ana awo, ena anzeru kwambiri. Chimene anali nacho ndi chikhulupiriro cholimba ngati mwala kuti akuchita zabwino, komanso anthu owazungulira amene ankawawombera m'manja.

Zinandisowetsa mtendere. Wamisala umamuthawa kapena kumutengera kuchipatala, nkhani yatha. Nanga munthu wabwinobwino, woti mungadyere naye mbale imodzi?

Tsiku lachitatu ndinakwera ndege kupita ku Bali. Msewu wa Legian ku Kuta ndi wa malo omwera mowa, masitolo a zovala zosambira ndi njinga zamoto zosawerengeka. M'mawa amayi achihindu amaika pansi timadengu ta masamba tokhala ndi maluwa ndi zofukiza, ndipo mlendo amayenda akuyang'ana pansi kuopa kuponda. Pakati pa phokoso lonselo pali chipilala chosema bwino, pamalo pamene panali Paddy's Pub. Usiku wa pa 12 Okutobala 2002 mnyamata wina anadziphulitsa m'balamo, anthu n'kuthawira panja, pomwe galimoto yodzaza mabomba inaphulika kutsogolo kwa Sari Club tsidya lina la msewu. Anafa anthu 202. Mwa iwo 88 anali a ku Australia, 38 a ku Indonesia komweko. Mayina alembedwa pamwala dziko ndi dziko, ndipo ndinaima nthawi yaitali pa awiri a ku South Africa. Pambali panga bambo wina wachizungu ankasisita dzina limodzi ndi chala, osayankhula.

Pamenepo ndi pamene nkhani ya banja la ku Tenggulun inandilowa mumtima. Tenggulun ndi mudzi wa m'boma la Lamongan, kum'mawa kwa Java. Mwa amene anakonza chiwembucho, atatu anali a bere limodzi: Mukhlas, Amrozi ndi Ali Imron. Mukhlas, wamkulu, anali mphunzitsi wa chipembedzo amene anapitako ku Afghanistan. Amrozi anali makaniko, ndipo ndi amene anagula galimoto ija. Dziko linamudziwa chifukwa chomwetulira m'khoti. Ali Imron analapa poyera, ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse, pomwe akulu ake awiri pamodzi ndi mnzawo wa chiwembucho, Imam Samudra, anaphedwa ndi boma powomberedwa pachilumba cha Nusakambangan mu Novembala 2008. Ife amene tinakula tikudziwa kulemera kwa mawu a achimwene sitifunika kutiuza zambiri. Mkulu wako amene anaphunzira, amene mudzi wonse umamupatsa mpando, akakuuza kuti tiye, umafunsa kuti tikupita kuti muli kale panjira. Zomwezo zinaonekanso mumzinda wa Surabaya, ku Java komweko, pa 13 Meyi 2018, pamene bambo, mayi ndi ana awo anayi anadziphulitsa pa matchalitchi atatu m'mawa umodzi. Ana aakazi awiriwo anali aang'ono, oyenera kukhala kusukulu ya pulayimale.

Akatswiri a ku Depok amatchula kawirikawiri Arie Kruglanski wa ku University of Maryland ku America, amene amati zinthu zitatu zikakumana munthu amatha kuchita zoopsa: njala yofuna kuwerengedwa ngati munthu, nkhani yomuuza kuti kupha ndiyo njira yopezera ulemuwo, ndi gulu lomuvomereza. Pa zitatuzi, ine chimene ndimachiona tsiku ndi tsiku pantchito yanga ndi choyambacho. Mnyamata amene anamaliza Fomu 4 zaka zisanu zapitazo, palibe womufunsa maganizo pamaliro kapena pabwalo la mfumu, ndiye pabwere munthu womutchula dzina, kumupatsa udindo ndi kumuuza kuti kumwamba akumudziwa. Umphawi wokha sufotokoza zonse, pakuti osauka ndi ambiri ndipo oponya mabomba ndi ochepa. Chipembedzo chokha sichifotokozanso. Ku Jakarta ndinalowa mumzikiti waukulu wa Istiqlal, umene mapulani ake anajambula ndi Mkhristu, Friedrich Silaban, ndipo wayang'anizana ndi tchalitchi chachikulu cha Katolika. Asilamu amene anandivula nsapato ndi kundionetsa malo ankanyansidwa ndi za ku Bali kuposa ine.

M'banja la ku Tenggulun lomwelo muli m'bale wawo wina, Ali Fauzi, amene anali katswiri wopanga mabomba. Anatembenuka, n'kuyambitsa bungwe la Lingkar Perdamaian m'mudzi momwemo, lothandiza otuluka m'ndende kupeza ntchito ndi anzawo atsopano. Ndi maganizo omwe Sarlito ankalimbikitsa, akuti munthu wotere sumugonjetsa pomutsutsa mavesi okha, umayamba wamuyandikira ngati munthu. Ndimavomereza, koma mtima wanga sunakhazikike kwathunthu. Umar Patek, amene anasakaniza nawo mankhwala a mabomba a ku Bali, anatulutsidwa m'ndende mu Disembala 2022 atati wasintha, ndipo abale a omwalira ku Australia anakwiya. Nditaona chala cha bambo uja pamwala, sindingawauze kuti akulakwa.

Ntchitoyi ikupitirira ku Depok. Pulofesa Hamdi Muluk ndi ophunzira ake amafufuzabe za akaidi amenewa ndi za mmene anthu amasankhira atsogoleri. Tsiku lomaliza mtsikana uja anandipezera buku la Sarlito m'sitolo ya mabuku akale, masamba atachita chikasu. Ndi la m'chinenero cha ku Indonesia, chimene ndimadziwa mawu ake osakwana khumi. Tinapangana kuti azindimasulira pang'onopang'ono pa WhatsApp akapeza mpata, ine ndizimutumizira zimene ndikumva za ku Cabo Delgado. Pano tili pa mutu wachiwiri.