Mmene ndinatsitsira MGB yanga itakwera msinkhu ndi masipuling'i atsopano

Galimoto yanga ndi MGB ya 1971, ya kampani ya MG, yopanda denga lachitsulo, ya mabampala onyezimira aja. Magalimoto amenewa ankapangidwa ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka fakitale itatsekedwa mu 1980, ndipo anatuluka oposa 500,000, n'chifukwa chake kuno ku England zipangizo zake sizisowa. Ukaitanitsa Lolemba, pofika Lachitatu bokosi lili pakhomo. Koma chitsulo kulowa pamalo pake sindiye kuti ndi cha galimoto yako, ndipo masipuling'i ndiwo amaonetsa zimenezi poyera.

Yanga inali itagwa kumbuyo, makamaka mbali ya dalaivala. Kumbuyo kwa MGB kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, ndipo chitsulo chimodzi cha kumanja chinali chitathyoka pafupi ndi bawuti yapakati. Ndinagula onse anayi, awiri osanjikiza akumbuyo ndi awiri opiringiza akutsogolo, n'kupereka galimoto pagalaja ina kuti amange. Itabwerako inkaoneka ngati nkhuku yojompha chimanga, mchira m'mwamba, mutu pansi. Pakati pa tayala lakumbuyo ndi bodi pankalowa chibakera changa n'kutsala mpata. Kutsogolo nako kunali kutakwera, kungoti diso silinkaona msanga poti kumbuyo kunkaposa.

Maonekedwe okha ndikanapirira, koma pamsewu inali itasintha khalidwe. Usiku nyali zinkangounika pamphuno penipeni. Pahampu kumbuyo kunkadumpha, kenako n'kumveka gu! matayala akamatsika. Nditagona pansi ndi tochi ndinaona chifukwa chake. MGB ili ndi malamba awiri omwe amagwira ekiselo kuti isatsike mopitirira, ndipo malamba aja anali atakungika kale galimoto ili chiimire. Tayala linalibenso poti n'kutsikira likafika padzenje. Galimoto ikakhala pamsinkhu wake malambawo amakhala opindika, ukawakankha ndi chala amagwedera.

Ndisanakhudze sipanala ndinayamba ndi tepi. Ndinaimika galimoto pasimenti yosalala, matayala onse atapopedwa bwino, mafuta ali theka la thanki, m'buti muli tayala lapadera ndi jeke basi. Osayeza kuchokera pansi, chifukwa muyeso umenewo umasintha ndi mtundu wa tayala ndi mpweya wake. Osayezanso kukafika pamphepete pa bodi pamwamba pa tayala, poti MGB yazaka 50 n'zosowa kuti pamenepo sipanadulidwepo dzimbiri n'kuwotchereredwa. Eni magalimotowa amayeza kuchokera pakati penipeni pa wilo kukafika pansi pa kachitsulo konyezimira kamene kamayenda m'mbali mwa galimoto. Yanga kumbuyo inali mainchi 16 ndi kenakake, kutsogolo pafupifupi 15. A anzanga omwe ndinayeza pamsonkhano wa eni MG, a mabampala ngati anga, ankazungulira pa 14. Manambala anga anayi ndinawalemba ndi choko pakhoma la galaja, ndipo chilichonse chimene ndinachita pambuyo pake ndinkabwerera kukhomako.

Amene anandigulitsa, nditawaimbira foni, anandiuza mawu omwe aliyense wosintha masipuling'i anawamvapo: ndingoyendetsa, akhazikika okha. Mawuwa ali ndi kachoonadi pang'ono. Zitsulo zatsopano zimakhuzana, utoto wapakati pake umaperesedwa, ndipo galimoto imatsikadi. Ndinaika matumba a mchenga m'buti n'kuyenda nawo masabata angapo. Nditawachotsa n'kuyeza, kumbuyo kunatsika kota ya inchi. Sipuling'i yoti itsike mainchi awiri m'masabata ochepa ndiye kuti chitsulo chake n'chachabechabe, chidzapitiriza kutsika mpaka galimoto itakhala pansi. Ndiye nkhani ya kukhazikika ndinaisiya pomwepo.

Chachiwiri chinali mabushi, timphira tokhala pamabawuti pomwe masipuling'i ndi mikono ya mawilo zimalumikizana ndi galimoto, ndipo apa mpofunika kumvetsa bwino chifukwa ntchito yake siilira ndalama. Bushi yamphira sizungulira pabawuti. Ukamanga nati bushi ija imapanikizika n'kuima nji, ndiye galimoto ikamakwera ndi kutsika chimene chimapotoka ndi mphira. Makaniko akamanga manati galimoto ili m'mwamba, matayala akulendewera, bushi iliyonse imagwira pamalo amenewo. Poitsitsa pansi mabushi onse amakhala opotoka, akulimbana ndi kulemera kwa galimoto, ndipo amainyamula pang'ono. Amathanso msanga. Buku la amakaniko limanena kuti manati amenewa azimangidwa komaliza galimoto itaponda pansi, koma pagalaja yotanganidwa, galimoto ili kale pamakina okwezera, ndani angaitsitse kuti akwawire pansi pake?

Ndinamasula pang'ono bawuti yakutsogolo ya sipuling'i iliyonse yakumbuyo, manati a shackle (kachitsulo kogwedera kolumikiza sipuling'i ndi bodi) kumapeto kwake, ndi manati a mikono yapansi kutsogolo. Sindinawachotse, ndinangowamasula kuti mabushi apume. Kenako ndinainyekula galimoto pangodya iliyonse, n'kuikankha kutsogolo ndi kumbuyo kuti matayala ayale bwino. Imodzi ya mabushi inachita kulira pomasuka. Pomanganso ndinakweza matayala pamatabwa okhuthala kuti ndipeze polowa, kulemera konse kuli pamatayala. Khoma linandiuza kuti kumbuyo kwatsika pafupifupi theka la inchi, kutsogolo pang'ono chabe. Amene anaika mabushi a polyurethane (mtundu wa pulasitiki) m'malo mwa amphira zimenezi siziwakhudza kwenikweni, chifukwa iwo aja amazungulira pakachitsulo kamkati ndi girisi.

Kutsogolo ndinkaganiza kuti mwina sipuling'i sinakhale bwino m'mbale yake, zomwe zimachitika. Tochi inaonetsa kuti zonse ziwiri zakhala bwinobwino, ndiye panalibe kuchitira mwina koma kuzitulutsa. Ntchito imeneyi si yochita ukucheza. Sipuling'i yopanikizika ikafwamphuka imathyola nsagwada. Ndinaika galimoto pamasitandi, n'kulowetsa unyolo mkati mwa sipuling'i kuumangirira kumkono, jeke pansi pa mbale, kukweza mpaka kulemera kwa injini kutaigwira, kenako kumasula anti-roll bar (chitsulo cholumikiza mbali ziwiri kuti galimoto isapendekeke kwambiri pokhota) ndi mabawuti a mbale, n'kutsitsa jeke pang'onopang'ono ine nditaima pambali. Galimoto yochotsedwa injini njira imeneyi siigwira, jeke amangonyamula galimoto yonse.

Nditaimika yatsopano patebulo tepi inati mainchi 10.2. Ya galimoto yanga, malinga ndi buku, ndi 9.9. Palibe amene anandinamiza kwenikweni: ya 10.2 ndi ya MGB ndithu, koma ya magalimoto otuluka kuyambira chakumapeto kwa 1972, ndipo ogulitsa ena amangosunga imeneyo n'kumapatsa aliyense. Wina anganene kuti 0.3 ya inchi n'chiyani. Koma sipuling'i yakutsogolo siili pawilo, ili chapakati pa mkono wapansi, ndiye kusiyana kulikonse kumakafika kutayala kutachulukitsidwa pafupifupi kawiri. Utali wokha sunenanso zonse. Ya MGB GT, ya denga ija yomwe inayamba mu 1965, ndi yaifupi, 9.1, koma ndi yolimba kwambiri: imafuna mapaundi 480 kuti ifupike inchi imodzi, pomwe ya galimoto yanga imafuna 348. Ukaitanitsa uzitchula chaka, mtundu wa bodi ndi nambala ya galimoto, ndipo bokosi likafika uyeze usanamange. Ndinafunsa kwina, ndinawapempha kuti ayeze ndi tepi ndili pafoni, ndipo a 9.9 anapezeka.

Kumbuyo ndiye kunali nkhani yaikulu. Choyamba ndinawerenga zitsulo. Galimoto yopanda denga imakhala ndi 6, GT imakhala ndi 7 poti ndi yolemera kumbuyo, ndipo anthu ambiri amene galimoto zawo zatukula amapeza kuti anapatsidwa a GT. Anga anali ndi 6. Msampha wina ndi magalimoto a mabampala akuda amphira, omwe anayamba chakumapeto kwa 1974. Malamulo a ku America ankafuna kuti nyali zikhale m'mwamba pang'ono, ndipo kampani m'malo mosintha bodi inangokweza galimoto yonse. Zipangizo za magalimoto amenewo, masipuling'i ndi malamba omwe, zili ndi manambala akeake, ndipo malamba ake ndi aatali. Wina anandilangiza kuti ndingogula malamba aataliwo kugunda kuthe. Kukanathadi, koma galimoto ikanakhalabe chotukula, ndipo mashoko ndi paipi ya mabuleki zikanayamba kukokedwa kupitirira pomwe zinapangidwira.

Mwamwayi akale sindinalole kuti atayidwe. Ndinatulutsa yatsopano imodzi n'kuigoneka pansi pambali pa yakale yosathyoka ija, n'kukunga chingwe kuchokera pakati pa bowo lina kukafika pa linzake, kenako n'kuyeza kuchokera pachingwe kufika pachitsulo chachikulu pamene pali bawuti yapakati. Yatsopano inali yopindika kwambiri, zomwe ndinkayembekezera poti yakale inali yotopa. Chimene chinandidabwitsa ndi makulidwe. Chitsulo chilichonse cha yatsopano chinali chonenepa pang'ono, moti ndi maso sungaone, koma ndi choyezera zimaoneka. Kulimba kwa chitsulo chotere kumakwera msanga kwambiri ndi makulidwe: ukawonjezera gawo limodzi mwa magawo 10, kulimba kumakwera ndi gawo limodzi mwa atatu. Nditaponda yakale inkagonja pansi pa phazi langa. Yatsopano inangoti zii.

Njira yachidule imene aliyense amatchula ndi mabuloko. Ekiselo ya MGB imakhala pamwamba pa sipuling'i, ndiye ukalowetsa buloko pakati pake, n'kuika ma U-bolt (mabawuti opindika ngati U omanga ekiselo kusipuling'i) aatali, galimoto imatsika molingana ndi kukula kwa bulokoyo. Ndi zotsika mtengo, ndipo tsiku limodzi ntchito yatha. Sindikuwanyoza. Sipuling'i ikakhala yolondola koma galimoto yakwera ndi inchi imodzi, buloko ndi yankho labwino. Koma ine vuto langa silinali msinkhu wokha. Buloko sifewetsa sipuling'i youma. Imatalikitsanso ekiselo ndi sipuling'i, ndiye ukaponda moto ponyamuka ekiselo imapeza mphamvu yopotokola sipuling'i, matayala n'kumanjanja. Ndikanangobisa kudumpha kuja pansi pa galimoto yooneka bwino.

Ndinanyamula akale aja kupita nawo kwa bambo ena achikulire amene amakonza masipuling'i a malole ndi mangolo. Atangowaona anandifunsa mafunso awiri amene wogulitsa sanandifunse: galimoto imalemera bwanji kumbuyo, ndipo ndikufuna ikhale pamsinkhu wanji. Anawamasula onse awiri, kuchotsa dzimbiri pakati pa zitsulo, n'kusula chitsulo chatsopano cholowa m'malo mwa chothyoka chija, cha makulidwe ofanana ndi akale. Anasinthanso chinzake cha mbali inayo ngakhale chinali chamoyo, kuti mbali ziwiri zisasiyane. Atawapinda n'kuwawotcha anawayesa pamakina opanikiza ine ndikuona, mmodzimmodzi, mpaka onse atagonja mofanana pa kulemera komweko. Anandilipiritsa kuposa mtengo wa atsopano aja. Atsopanowo ogulitsa anakana kulandira poti anali atamangidwapo kale.

Pomanga ndinaitana mlamu wanga, chifukwa pali malo amene munthu mmodzi sathana nawo. Umayamba ndi bawuti yakutsogolo, kenako shackle, kenako n'kukweza sipuling'i ndi jeke kuti ikumane ndi ekiselo. Koma MGB kumbuyo ndi yopepuka, jeke amangoinyamula pamasitandi sipuling'i isanawongoke, ndipo shackle imafuna kugona chakutsogolo m'malo mopendekera kumbuyo.

"Alamu, takhalani m'butimo kaye."

"Ndiye kunenepa kwangaku lero kwapeza ntchito?"

Atakhala, miyendo ili panja, sipuling'i inawongoka, ndinakankha shackle ndi chitsulo n'kupita mbali yake, ndipo lamba analowa pabawuti yake popanda kulimbana. Mutu wa bawuti yapakati uyenera kulowa m'bowo lake pansi pa ekiselo, apo ayi tayala limodzi limatsogola ndipo galimoto imayenda chammbali. Ma U-bolt ndinamanga mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko. Manati a mabushi ndinawasiya omasuka mpaka galimoto itaponda pansi, alamu atasamukira pampando wa dalaivala, popeza pamsewu mpando umenewo sukhala wopanda munthu.

Tepi inati kutsogolo 14 mbali zonse, kumbuyo 14 ndi theka kumanzere, 14 ndi kota kumanja. Kusiyana kwa mbali ziwirizo ndinakufufuza pang'ono. Ndinamasula anti-roll bar mbali imodzi kuti ndione ngati ikukoka, sinali kukoka. Pofufuza kupendekera muzikumbukira kuti ngodya zimagwirizana mopingasa: kumbuyo kumanzere kukakwera, kumene kumatsika ndi kutsogolo kumanja, ndiye munthu amatha kumasula sipuling'i yosalakwa. Njira yotsimikizira ndi kusinthanitsa masipuling'i akumbuyo. Kupendekera kukasamuka, vuto ndi sipuling'i. Kukakhala pomwepo, ndi bodi. Pa kota ya inchi sindinaone chifukwa chomasuliranso zonse.

Zotsala zinali ziwiri. Msinkhu wakutsogolo ukasintha, mawilo amasiya kuloza mmene ankalozera, ndiye ndinapita kukawongoletsa. MGB imafuna kuti mawilo akutsogolo aloze mkati ndi 1/16 mpaka 3/32 ya inchi, ndipo manambalawa ndinapita nawo papepala chifukwa kompyuta ya pamalopo galimoto ya 1971 inalibemo. Nyali nazo zinafunika kuziwongolanso, pakuti ndinali nditazikweza nthawi ya kutukula ija, ndipo tsopano zinkathobwa anzanga m'maso. Kuyambira 2018 galimoto yopitirira zaka 40 kuno siikakamizidwa kupita ku MOT, komwe amayesa galimoto chaka ndi chaka kuona ngati ili yoyenera pamsewu, ngati sinasinthidwe kwambiri, choncho palibe woyesa amene akanandiuza. Ndinapita nayo ndekha kuti ayeze nyali pamakina awo. Nditayenda nayo masiku angapo ndinalowanso pansi ndi sipanala, chifukwa timphira tokhala pakati pa ekiselo ndi sipuling'i timaphwa, ndipo manati onse 8 a ma U-bolt analola kumangidwanso pafupifupi theka la mzungulo.