Disiki inali yabwinobwino, wolakwa anali ine

Ndinali ndi madisiki akale a mainchi 3.5 ochokera pa kompyuta ya Atari ST, ndipo ndinkafuna kukopera zonse zinali mkatimo asanaonongeke. Ndinayamba ndi kachipangizo ka USB kowerengera ma floppy (dzina la madisiki amtunduwu), koma kanandigwiritsa fuwa la moto. Kameneka kamaoneka pa Linux ngati disiki wamba, kaonekedwe ka disiki kamadzisankhira kokha, ndipo kakasankha sikamva zako. Ndinafukula kompyuta yakale yokhala ndi drive yolumikizidwa pa motherboard, ndinaikamo fdutils (mapulogalamu a Linux oyendetsera ma floppy), kenako ndinalemba lamulo la modprobe floppy kuti /dev/fd0, dzina limene Linux imatchulira drive imeneyi, ioneke.

Ndisanalowetse disiki ndinatsegula kabowo ka pakona kaja kuti pasalembedwe chilichonse. Ndinakopera disiki yonse ndi pulogalamu ya dd, fayilo n'kutuluka ya ma byte 737,280 popanda dandaulo lililonse. Ndinasangalala msanga. Nditaitsegula, mayina a mafayilo ankaoneka, koma mkati mwake munali zosakanikirana zokhazokha.

Apa m'pamene ndinakhalitsa. Disiki ya 720 KB imakhala ndi ma track (mizere yozungulira) 80 mbali iliyonse, mbali ziwiri, ma sector (tizigawo ta mzerewo) 9 pa track, sector iliyonse ma byte 512. Mukachulukitsa mupeza 737,280 yomwe ija. Koma anthu ambiri a Atari ankapanikiza sector yachikhumi pa track iliyonse kuti apeze malo ochuluka. Linux inangoganiza kuti disiki yangayo ndi ya 720 KB, n'kumawerenga ma sector 9, yachikhumiyo n'kumailumpha mwakachetechete, track ndi track. Ndinatsimikiza poyang'ana sector yoyamba ndi xxd, pulogalamu yoonetsa ma byte a fayilo: pa byte 24, pamene pamalembedwa chiwerengero cha ma sector, panali 0a, kutanthauza 10.

Mankhwala ake anali mzere umodzi wouza Linux kaonekedwe ka disikiyo, ndili root (woyang'anira kompyuta):

setfdprm /dev/fd0 ds dd sect=10 cyl=80

Musasokonezeke monga ndinachitira ine: dd wa pamzerewu si pulogalamu yokopera ija ayi, akunena mtundu wa disiki, ya double density. ds akunena mbali ziwiri. Ndinalemba getfdprm kuti ndione ngati zalowa, ndinakoperanso, fayilo n'kukhala ma byte 819,200, omwe ndi 800 KB ndendende. Mafayilo onse anatseguka.

Disiki yachiwiri inandibweza pa 737,280 pomwe paja. Kani ukatulutsa disiki, zimene unaika zija zimafufutika. Ukawonjezera -p zimakhazikika mpaka utazichotsa ndi setfdprm -c /dev/fd0. Ine -p ameneyu ndinamugwiritsa ntchito pa madisiki atatu okha n'kumusiya, chifukwa mulu wangawo unali wosakaniza, ena a 9 ena a 10. Kuyambira pamenepo disiki iliyonse ndinkayamba ndaona byte 24 ndisanakopere, ndipo chiwerengerocho ndinkachilemba ndi pensulo pa chikuto chake.