Lolemba, 3 Febuluwale 2020: usiku wa caucus ku Iowa

Lero chipani cha Democratic m'chigawo cha Iowa ku America chayamba kusankha nthumwi zopita ku msonkhano waukulu wa chipani ku Milwaukee, komwe kukasankhidwe munthu wodzapikisana ndi Donald Trump mu Novembala. Pa nthumwi 3,979 zomwe zimapita kumeneko zitamangidwa kale kuti zikavotere wakuti, Iowa ili nazo 41 zokha. Mawayilesi adzadza mu Des Moines, likulu la Iowa, chifukwa chigawochi ndicho choyamba pa zigawo zonse.

Caucus ndi msonkhano wa anthu a m'dera limodzi lovotera, ndipo mulibe bokosi loponyamo voti mwachinsinsi. Misonkhano yotere ilipo 1,678, m'masukulu, m'malaibulale, m'maholo a matchalitchi, ina m'nyumba za anthu. Palinso ina 87 ya amene sangathe kufika kwawo, monga ogwira ntchito usiku, okalamba ndi okhala kunja. Ina mwa iyo yachitikira ku Paris, Glasgow ndi Tbilisi. Wolowa ayenera kukhala wolembetsedwa m'chipanichi, koma angathe kulembetsera pakhomo pomwepo, ndipo wa zaka 17 akuloledwa ngati adzakhale atakwanitsa 18 pofika 3 Novembala.

7 koloko madzulo. Wofika pamzere nthawiyi itadutsa salowa. Msonkhano umasankha wapampando ndi mlembi, kenaka amawerenga anthu onse ali m'holo. Nambala imeneyi ndiyofunika kuposa ina iliyonse usiku uno, chifukwa masamu onse otsatira amagawidwa ndi iyo. Ikalakwika, zonse zapamwamba pake zalakwika.

Akatha kuwerenga, aliyense amapita pakona ya amene akumufuna, aliyense akuona mnzake. Amene anaonapo zisankho zachipulula kwathu kuno, zoima pamzere kumbuyo kwa munthu, chithunzichi sangachisowe. Chatsopano chaka chino ndi khadi: aliyense akulemba dzina la amene wamusankha n'kusayina, kuti pakhale pepala lowerenganso pakabuka mkangano.

Gulu limayenera kufika mlingo kuti lipeze nthumwi. M'dera lotumiza nthumwi zinayi kapena kuposa, mlingowo ndi anthu 15 pa 100 alionse a m'holomo. Kotumiza zitatu ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, kotumiza ziwiri ndi 25 pa 100, ndipo kotumiza imodzi amangotenga wa anthu ochuluka. Amene gulu lawo lafika mlingo makadi awo amatoleredwa ndipo sasinthanso. Kale zinkatheka kubwereketsa anthu ku gulu lina kuti mdani wako wamkulu aluze nthumwi, koma chaka chino khomo limenelo latsekedwa. Amene gulu lawo laperewera amapatsidwa mphindi zingapo: alowe gulu lina, agwirizane ndi anzawo operewera kuti afike mlingo, kapena apite kwawo. Apa mpomwe holo imasokosa, anthu okhala moyandikana akukopana maso ndi maso.

Tiyerekeze holo ya anthu 200 yotumiza nthumwi 8. Mlingo ndi anthu 30. Poyamba magulu aima motere: 70, 52, 34, 26 ndi 18. Awiri omalizawo aperewera, ndiye anthu 44 asankhenso. Khumi apita kwawo, otsalawo agawikana, ndipo magulu atatu akhala 80, 66 ndi 44. Gulu lililonse amalichulukitsa ndi 8 n'kugawa ndi 200, osati 190, ngakhale khumi aja achoka. Zituluka 3.2, 2.64 ndi 1.76. Kuyambira theka amakweza, kuchepera apo amatsitsa, choncho nthumwi ndi 3, 3 ndi 2. Wa anthu 80 ndi wa anthu 66 atuluka ofanana. Masamu akasiya nthumwi imodzi yopanda mwini, imapita ku gulu lomwe latsala pang'ono kufika theka, ndipo magulu awiri akafanana ndendende amaponya kobiri m'mwamba. Makanema a kobiriyo ayamba kale kuzungulira pa Twitter, anthu akudabwa, koma lamulolo lilipo kalekale ndipo limakhudza nthumwi imodzi ya pansi penipeni.

Nthumwi 8 zija sizipita ku Milwaukee. Zimapita ku msonkhano wa kaunti, dera lokhala ngati boma kwathu kuno, ndipo makaunti alipo 99. Kaunti imasankha opita ku msonkhano wa dera la phungu wa ku Congress, nyumba ya malamulo ya America, ndi wa chigawo chonse, ndipo kumeneko n'komwe mayina a anthu 41 aja amadziwika, amuna ndi akazi mofanana. Pa 41 amenewa, 27 ndi a madera anayi a aphungu, ogawidwa 7, 7, 8 ndi 5. Asanu ndi anayi ndi a chigawo chonse, asanu ndi atsogoleri a chipani ndi anthu a maudindo. Palinso akuluakulu 8 opita chifukwa cha mipando yawo, koma kuyambira 2018 savota pa ulendo woyamba pokhapokha wopambana atadziwika kale.

Kale kagawidwe kankasintha pa msonkhano uliwonse wa pamwamba, nthumwi zina zikajomba kapena kusintha maganizo. Chaka chino zotsatira za usiku uno ndizo zikumanga kagawidweko. Chipani chimatembenuza nthumwi za kaunti kukhala chiwerengero cha nthumwi za ku msonkhano wa chigawo, chomwe amachitchula SDE. Kulemera kwa kaunti kunaikidwa kale potengera mavoti omwe chipani chinapeza kumeneko pa chisankho cha pulezidenti mu 2016 ndi cha bwanamkubwa mu 2018. M'madera 1,678 aja, kuchuluka kwa obwera lero sikusintha kanthu. Holo ya ophunzira a ku yunivesite mu Iowa City ikadzadza mpaka pakhomo, nthumwi zake ndi zomwezo. Kadera ka alimi komwe kwabwera anthu makumi awiri kakusunganso zake, ndiye munthu mmodzi kumeneko akulemera kuposa mnzake wa mu tauni. Wofuna kupambana caucus ayenera kufika mlingo paliponse, osati kuunjika anthu malo ochepa.

Cha m'ma 10 koloko usiku. Zaka zina pofika pano wopambana amakhala atadziwika. Lero palibe chotuluka. Chipani chati chikufufuza manambala chifukwa sakugwirizana. Kwa nthawi yoyamba, wapampando aliyense akutumiza manambala a mitundu itatu: oima koyamba, oima komaliza, ndi nthumwi. Anayenera kutumiza kudzera pa app ya pa foni yopangidwa ndi kampani ya Shadow, koma ambiri alephera kuiika pa foni kapena kulowamo, ndipo ambiri mwa apampandowa ndi anthu ongodzipereka omwe sanaiyeserepo. Atembenukira ku nambala ya foni ya likulu la chipani, yomwe yadzadza. Mlembi wina wa ku Story County wadikira pa foni kuposa ola, ndipo atamuyankha ali pa kanema wa CNN, foniyo yadulidwa dziko lonse likuonera.

Opikisanawo sanadikire. Alankhula kwa owatsatira popanda zotsatira n'kukwera ndege kupita ku New Hampshire, komwe kuli chisankho pa 11 Febuluwale. Mmodzi mwa iwo, Pete Buttigieg, walankhula ngati wapambana kale. Kutayika kwakukulu n'kumeneku, chifukwa mphoto yeniyeni ya Iowa ndi kutchulidwa wopambana usiku womwewo, ndalama ndi chidwi n'kutsatira m'mawa mwake.

Zoonjezera, 29 Febuluwale. Zotsatira zoyamba zinatuluka Lachiwiri madzulo, za madera 62 pa 100 okha. App inali ndi vuto lomwe linkachititsa kuti izitumiza manambala osakwanira. Chinapulumutsa zinthu ndi mapepala a masamu osayinidwa m'holo ndi makadi aja. Koma mapepalawo anaulula vuto lina: m'madera ambiri masamu eniwo anali olakwika, kwina oima komaliza kuchuluka kuposa oima koyamba, kwina nthumwi kupatsidwa gulu losayenera. N'zovuta kukhulupirira kuti zolakwa zotere zinayamba chaka chino. Kale kunkatuluka nambala imodzi yokha, panalibe choiyerekeza nacho. Wapampando wa chipani m'chigawochi, Troy Price, analengeza kutula pansi udindo pa 12 Febuluwale.

Atawerenganso madera ena, chipani chatsimikiza zotsatira lero. Anthu okwana pafupifupi 176,000 anabwera. Bernie Sanders anali ndi anthu ochuluka, pafupifupi 6,000 kuposa Buttigieg poima koyamba ndi pafupifupi 2,500 poima komaliza. Pa SDE Buttigieg ndiye watsogola, ndi kusiyana kosafika imodzi yathunthu. Nthumwi za ku Milwaukee zagawidwa motere: Buttigieg 14, Sanders 12, Elizabeth Warren 8, Joe Biden 6, Amy Klobuchar 1. Ya Klobuchar yachokera ku dera limodzi la phungu komwe anadutsa 15 pa 100, ngakhale m'chigawo chonse sanafike. Bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press lakana kutchula wopambana.