Timadontho tomwe ankatiseka nato ndi tomwe tikutidyetsa

Mwezi uno tatulutsa phukusi lathu lalikulu kwambiri la zithunzi za magemu, ndiye tati inu amene mwatidziwa posachedwa mumveko komwe tachokera.

Tinayamba awiri, ine ndi mchemwali wanga, tikungojambula zosangalatsa mtima. Ntchito yathu ndi pixel art, kujambula munthu, mtengo kapena chilombo kadontho kamodzikamodzi, kawirikawiri m'kabokosi ka timadontho 16x16 kapena 32x32. Poyamba tinkadalira pulogalamu yojambulira ya Piskel chifukwa ndi yaulere ndipo imatsegukira pa intaneti pomwepo. Kenako tinapita ku LibreSprite, yomwe inatuluka mu 2016 kuchokera ku pulogalamu ya Aseprite, Aseprite itasiya laisensi ya GPL yolola aliyense kuitenga ndi kuisintha. Ndalama yoyamba itangolowa tinagula Aseprite yeniyeniyo, ndipo mpaka lero ndiye khasu lathu. Chomwe chinatikopa ndi onion skin: ukamajambula fulemu yatsopano (chithunzi chimodzi mwa zingapo zoonetsa mayendedwe), yapitayo imaoneka mozilala pansi pake, choncho mwendo wa munthu woyenda sudumphadumpha. Amene amati ntchitoyi ndi yophweka ayese kusuntha diso ndi kadontho kamodzi pankhope ya 16x16, aona msilikali wolusa akusanduka wodwala tulo.

Zowawa sitinazizembe. Munthu wina wopanga gemu anatipatsa ntchito yojambula dziko lonse la gemu yake, adani, mayendedwe, kumenya, kugwa, zonse. Tinagwira usana ndi usiku, tinatumiza, iye zii. Patapita nthawi tinapeza zithunzi zathu zikugulitsidwa ndi dzina lina. Nthawi yomweyo kompyuta yathu inayamba kuzima yokha. Wobwereketsa ndalama amene tinamupempha thandizo anatiuza kuti tidzabwere tikadzayamba ntchito ya anthu akuluakulu. Moni kwa inu bwana komwe muli. Tinakongola kwina, ndipo tinabweza yonse ndi timadontho tomweti.

Chinatidzutsa ndi mipikisano yopanga gemu m'masiku ochepa, monga Ludum Dare. Kumeneko tinakumana ndi anthu odziwa kulemba mapulogalamu koma osadziwa kujambula. Ena ankapangira pa PICO-8, pulogalamu yopangira timagemu, pomwe sikirini ndi 128x128 ndipo mitundu ndi 16 yokha. Malire amenewo anatiphunzitsa kusamwaza mitundu, ndipo ndi chifukwa chake zithunzi zathu zimagwirizana ngakhale mutaziphatikiza kuchokera m'maphukusi osiyana.

Tikuthokoza mayi athu amene sanamvetse chomwe timachita koma sanatiletse. Zikomo mnzathu amene anatibwereka laputopu pamene yathu inafa. Zikomo inu ogula oyambirira amene munatikhulupirira tisanakhale ndi dzina, inu amene munatilembera kuti mthunzi wa mtengo wapendekera kolakwika, ndi inu amene mumatitumizira magemu anu akatha. Tikuthokozanso anthu amene amasamalira mapulogalamu a Godot (yopangira magemu), Tiled (yoyalira mapu a magemu) ndi Pixelorama (yojambulira) popanda kutilipiritsa kalikonse.

Phukusi latsopanoli lili pa webusayiti ya itch.io. Mupezamo nkhalango, mapanga, anthu oyenda mbali zinayi ndi zilombo, zonse mu PNG pamodzi ndi mafayilo a Aseprite kuti muzisintha momwe mufunira. Matailo, tizidutswa toyalira mapu a gemu, takonzeratu kuti alowe mu Tiled mosavuta. Mukaika zithunzizi mu Godot, pa kaonetsedwe kake sankhani Nearest, mu Unity (pulogalamu inanso yopangira magemu) sankhani Point, apo ayi zioneka zachimbuuzi. Ngati mukufuna munthu wa gemu yanuyanu, tilembereni. Theka la malipiro timalandiriratu tisanayambe, ndipo chifukwa chake mwachimva kale.