Ubusa wa pasukulu yaukachenjede suthera paguwa

Chaka chilichonse magulu achikhristu a ophunzira, monga SCOM, CCAPSO ndi YCS, amasankha atsogoleri atsopano, ndipo kawirikawiri mpando umapita kwa amene amalalikira mwamphamvu kapena kutsogolera bwino nyimbo. Mphatso zimenezi sindikuzinyoza, koma ntchito yaubusa imene ophunzira amaisowa kwambiri imachitika pa anthu amene asiya kubwera kumapemphero.

Taganizirani za wophunzira wa ku Zomba amene sanapeze malo ogona pasukulu, akuchita lendi ku Chikanda, dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa olandira ngongole ya boma, ndipo akudya kamodzi patsiku. Iyeyu sadzaimirira pagulu kunena kuti ali ndi njala. Amangoyamba kujomba, kenaka anzake n'kumanong'onezana kuti wabwerera m'mbuyo. N'chimodzimodzinso mtsikana amene watenga pathupi, kapena mnyamata amene walephera mayeso ndipo akuopa kuuza makolo amene anagulitsa fodya kuti amulipirire. Komiti imene imayesa mphamvu yake powerenga anthu odzaza holo pa msonkhano wachitsitsimutso siingawaone anthu otere.

Vuto lina lagona pa kusinthana maudindo. Wophunzira amakhala pasukulu zaka zinayi kapena kuposerapo, pamene komiti imakhala chaka chimodzi chokha. Otuluka amapereka mabuku a ndalama, makiyi ndi zida zoimbira, koma chimene ankadziwa za amene akuvutika amapita nacho kwawo. SCOM inayamba mu 1961, kutanthauza kuti ili ndi anthu ambiri amene anadutsamo ndipo tsopano ali pantchito. Amenewa, pamodzi ndi abusa a pasukulu, ndiwo angasunge chikumbukiro chimene komiti imataya, malinga ngati akuitanidwa kudzamvetsera, osati kudzangolalikira kapena kupereka thandizo la ndalama.

Masukulu a mipingo, monga University of Livingstonia imene inatsegulidwa mu 2003 ndi Catholic University ya ku Nguludi ya mu 2006, ali ndi mwayi woti mapemphero ndi gawo la moyo wa sukulu. Komabe pali msampha wake: ngati m'busa kapena wansembe aoneka kuti ali mbali imodzi ndi opereka chilango, wophunzira wolakwa sadzagogoda pakhomo pake. Ine ndimaona kuti wosunga zinsinsi za ophunzira sayenera kukhala pa komiti yoweruza milandu yawo.

Atsogoleri achinyamatawa afunikanso kuuzidwa malire awo. Tcheyamani wa zaka 21, amene nayenso akudikira mayeso, sangasenze yekha nkhani ya mnzake amene wanena kuti akufuna kudzipha. Apemphere naye ndithu, koma tsiku lomwelo amuperekeze kwa akatswiri opereka uphungu kapena kuchipatala, ndipo nambala za anthu amenewa zikhale m'foni mwake kuyambira tsiku limene walandira udindo.