Magalasi a VR ndi dzanja la azakhali

Azakhali anga anadwala sitiroko chaka chatha, BP inali itakwera kalekale iwo osadziwa. Mbali ya kumanja inafooka, mwendo unabwererako msanga moti pano akuyenda ndi ndodo, koma dzanja ndiye latsalira. Ndiye tsiku lina msuweni wathu wa ku Joni anaponya kavidiyo pa gulu la banja pa WhatsApp, agogo ena avala zimagalasi zija za VR akuthyola zipatso zosaoneka m'malere, pansi pake walemba kuti abale tisonkhe tiwagulire azakhali. Ine ndinati dikirani kaye tifufuze, ndalama zake si zamasewera.

Kwa amene simunazionepo, munthu akavala chipangizocho kumaso amaona ngati ali m'khitchini kapena m'munda, ndipo akasuntha dzanja lenileni, dzanja la mugemu limasunthanso. Nzeru yake ndi yomveka ndithu. Sitiroko imawononga mbali ina ya ubongo, koma mbali zotsalazo zimatha kuphunzira ntchito imene inatayika, bola munthu abwereze chinthu chimodzimodzicho kambirimbiri. Apa ndiye pamene pali vuto. Kafukufuku wina wa mu 2009 wotsogozedwa ndi Catherine Lang anapeza kuti pa nthawi imodzi ya fiziyo (masewera olimbitsa ziwalo a kuchipatala) odwala ankabwereza ntchito ya dzanja ka 32 kokha tikatengera pakatikati, pomwe nyama za m'makafukufuku zimabwereza mazanamazana patsiku kuti ubongo usinthe.

Ndipo ine ndimaziona ndi maso. Timaika kapu ya pulasitiki patebulo, azakhali amayamba kutambasula mkono, phewa limakwera m'mwamba kaye chigongono chisanawongoke, zala zimafika pa kapu zili zofumbata, chala chachikulu chikukana kutseguka, nkhope thukuta kamukamu ngati akulima. Akayesa pang'ono amati "ndatopa mwanawe, mawa" ndipo sungawakakamize, chifukwa kunyamula kapu yopanda kanthu mobwerezabwereza n'kotopetsa, komanso kumawakumbutsa zimene ankachita osaganiza n'komwe. Gemu imathandiza pamenepa, munthu amatengeka ndi mapointi mpaka kuiwala kuti akuchita fiziyo.

Koma zimene ndinawerenga zinandikhazika pansi. Mu 2016 magazini ya Lancet Neurology inatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa EVREST, wa odwala 141 ku Canada, Argentina, Peru ndi Thailand. Onse ankalandira fiziyo wamba, kenako gulu lina linkawonjezera magemu a Nintendo Wii (VR ya pa TV, yosavala magalasi), gulu linalo linkangosewera makadi, bingo, Jenga (masewera osanja timatabwa) ndi mpira. Magulu onse awiri dzanja linasintha, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni. Makadi eti! Mu 2017 a bungwe lounika makafukufuku a zaumoyo la Cochrane anaphatikiza makafukufuku 72 a anthu 2,470 n'kupeza kuti VR siinkaposa fiziyo wamba pa nkhani ya mkono, koma ikawonjezeredwa pamwamba pa fiziyo, kuti nthawi yochita ichuluke, imathandiza. Ndiye malinga ndi makafukufuku amenewa, zikuoneka kuti chachikulu si VR yeniyeniyo ayi, koma kuchuluka kwa kuyeserera.

Palinso zoti tisamale. Ena akavala magalasiwa amamva chizungulire ndi nseru, ndipo munthu amene mwendo wake ndi wofooka kale, maso ataphimbidwa, akhoza kugwa, n'chifukwa chake ayenera kukhala pampando wina ali pafupi. China n'chakuti gemu ikhoza kukupatsa mapointi ngakhale ukukoka ndi phewa ndi msana m'malo mwa chigongono, ndiye popanda afiziyo oti akuwongole ukhoza kuzolowera kayendedwe kolakwika.

Sindikunyoza VR, musandimve molakwa, ndimaifuna kwambiri kuno kwathu. Mafiziyo ku Malawi ndi ochepa, digiri yake inangoyamba mu 2010 ku College of Medicine imene pano ili pansi pa KUHeS, ndipo malo ngati Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre sangafikire aliyense wa ku Nsanje kapena ku Chitipa. Pamalo ngati amenewa chipangizo chimodzi chingathandize odwala ambiri mosinthana, afiziyo akuyang'anira, wina ali pa gemu iwo akuthandiza wina kuimirira. Koma kugulira munthu mmodzi kunyumba, magetsi ake othimathimawa, popanda wodziwa kusankha gemu yoyenera dzanja lake, ndinaona kuti ayi.

Titafunsa afiziyo amene amawaona azakhali, anatiuza kuti ndalama zosonkhazo zipite ku thiransipoti kuti asamajombe, ndi ku mankhwala a BP kuti sitiroko isabwerenso. Kunyumba anatipatsa zochita: kusankha nyemba m'lichero ndi dzanja lodwalalo, kutsekula ndi kutseka botolo, komanso galasi lodziyang'anira loimika pakati pa mikono, akamasuntha dzanja labwino ubongo umaona ngati lodwala lija ndi limene likusuntha. Tinawonjezera bawo, chifukwa azakhali ankaikonda kuyambira kale ndipo safuna kugonja kwa adzukulu. Njere zimawagwa, amatola imodzi imodzi m'malo mozitapa, koma amakhalapo mpaka dzuwa kupendeka osanena kuti atopa. Msuweni uja watumiza kale gawo lake, Lachinayi tikupita nawo ku fiziyo pa takisi m'malo mwa minibasi.