Fomu ya digiri imayambira ku ofesi ya metroni

Namwino amene ali kale pa ntchito akamva kuti yunivesite yalengeza malo a mature entry, njira yolowera digiri ya anthu amene ali kale ndi dipuloma ndi zaka za ntchito, nthawi zambiri amakhala atachedwa kale. Chilengezo chimapereka masabata ochepa, pomwe mapepala amene akufunikawo amatenga miyezi kuti asonkhane. Ambiri amene amabwerera pa khomo limeneli si kuti mutu sugwira ayi, ndi anthu oti amayendetsa wodi yonse okhaokha usiku mpaka kucha. Chimawagwetsa ndi pepala limodzi losowa, dzina losemphana, kapena kalata ya abwana imene yagona m'tileyi osasainidwa.

Muyambe mwadziwa kaundula amene mulimo ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Pa wodi tonse timangotchedwa anesi, koma pa pepala Nurse Midwife Technician (NMT), monga ambiri otuluka m'makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndi wosiyana ndi Registered Nurse, ngakhale onse awiri atanyamula dipuloma. Pologalamu imene yalembedwa kuti ndi ya Registered Nurse siitenga NMT, ngakhale atagwira ntchito zaka 15 mu leba wodi. A NMT ali ndi njira yawo ya upgrading, ndipo kutalika kwa maphunziro kumasiyananso. Kamuzu University of Health Sciences, imene inabadwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, komanso Mzuzu University ndi sukulu zina za mipingo, iliyonse imalemba m'chilengezo chake kuti ikufuna gulu liti. Werengani mzere umenewo kawiri musanapite ku banki, chifukwa ndalama ya fomu siibwezedwa.

Kenako pamabwera MSCE, ndipo apa ndi pamene anthu amapsa mtima. Munthu wazalitsa amayi osawerengeka, koma akufunsidwa za Masamu amene analemba ali mtsikana. Palibe kuchitira mwina. Mayunivesite amafuna makilediti 6, ndipo pa maphunziro a zaumoyo amayang'ana Chingerezi, Masamu, Biology ndi sayansi, imene kale inali Physical Science koma tsopano inagawidwa kukhala Physics ndi Chemistry. Kilediti imathera pa 6; 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Amene ali ndi 7 pa phunziro lofunika ayenera kulembetsa ku MANEB ngati wophunzira wapadera, ndipo pakati pa kulembetsa, kulemba ndi kutuluka kwa zotsatira pamadutsa pafupifupi chaka. Onaninso ngati chilengezo chikulola kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri.

Satifiketi ya dipuloma ndi transcript ndi zinthu ziwiri zosiyana. Satifiketi imangonena kuti munamaliza, pomwe transcript imaonetsa phunziro lililonse ndi malikisi ake, ndipo osankha amadalira imeneyo akafuna kusiyanitsa anthu awiri ofanana. Kaipempheni ku koleji yanu yakale miyezi itatu nthawi isanakwane. Mafayilo a zaka za m'mbuyo ambiri ali m'mabokosi, osati mu kompyuta, ndiye wina ayenera kukafukula. Ngati munasiya ngongole ya fizi, ngakhale yochepa, mudzaikumbukira tsiku limenelo. Mukalandira transcript musangoipinda. Yang'anani kuti chidindo ndi siginecha ya registrar zilipo pa tsamba lililonse lofunika, komanso kuti maphunziro a chaka chomaliza sanasiyidwe.

Nkhani ya mayina ndi yaing'ono koma imaluma. Pa MSCE pali dzina la bambo anu, pa layisensi pali la amuna anu, pa chitupa cha unzika a NRB analemba Tiyamike pomwe dipuloma ikuti Tiyamika. Kwa inu ndi munthu mmodzi, koma kalaliki amene ali ndi mulu wa mafomu patsogolo pake alibe nthawi yolosera. Ikanipo satifiketi ya ukwati kapena kalata yolumbira pamaso pa Commissioner for Oaths yonena kuti mayina onsewo ndi anu. Ulendo womwewo mutsimikizitse mafotokope onse, ndipo chidindo chikhale cha inki pa kope iliyonse, osati fotokope ya pepala lodindidwa kale.

Layisensi ikhale ya chaka chimenecho. Amene anadumpha chaka osalipira ku khonsolo ya anamwino, kapena amene buku lake la CPD, lolembamo maphunziro owonjezera a pa ntchito, lili ndi masamba oyera, akonze zimenezo msanga.

Tsopano kwa abwana, kumene nkhani yeniyeni ili. Kupatsidwa malo pa yunivesite ndi kuloledwa kuchoka pa ntchito ndi zitseko ziwiri, ndipo makiyi ake sakhala ndi munthu mmodzi. Zilengezo zambiri zimafuna kuti munthu akhale atagwira ntchito zaka zosachepera 2 chilembetsereni ku khonsolo, ndipo umboni wake ndi kalata ya olemba ntchito yotchula tsiku limene munayamba. Imeneyo ndi yosavuta. Yovuta ndi study leave. M'boma tchuthi cha maphunziro cholandira malipiro chimapita kwa munthu amene anatsimikizidwa pa udindo, amene dzina lake lili pa ndondomeko ya maphunziro ya chipatala kapena ya boma limene akugwirako. Kalata imadutsa kwa in-charge wa wodi, kwa metroni amene ndi mkulu wa anamwino, kenako kwa akuluakulu a zaumoyo ku khonsolo ya boma, kapena kwa mkulu wa chipatala ngati muli ku chipatala chachikulu. Aliyense wa amenewa ali ndi funso limodzi m'mutu: roster, ndandanda ya mashifiti, idzayenda bwanji? Wodi ya anamwino 8 siingatulutse atatu chaka chimodzi. Ndiye amene anakagogoda kwa metroni chaka chathunthu nthawi isanafike, n'kulemba kalata, n'kusunga kope yodindidwa kuti yalandiridwa, ndi amene amakhala patsogolo pa mzere. Wofika ndi kalata ya yunivesite m'manja sukulu itatsala masabata awiri amauzidwa kuti adikire chaka chamawa, ndipo sitingawanene abwanawo kuti ndi ankhanza.

Ena amangonyamuka osalandira chilolezo cholembedwa, poti metroni ananena pakamwa kuti pitani tidzakonza. Mawu apakamwa sakhala m'fayilo. Metroni akasamutsidwa, wobwerayo amangoona kuti namwino wakutiwakuti sakuoneka pa ntchito, ndipo malipiro amaima. Kuwatsegulitsa kumatenga miyezi ndi maulendo ambiri, pomwe mayeso a semesita akukudikirani. Ogwira ntchito m'zipatala za CHAM asamale kwambiri, chifukwa malipiro amachokera ku boma koma wokulolani kupita ndi eni chipatala. Ogwira m'mabungwe pa kontirakiti kawirikawiri amayenera kusankha pakati pa ntchito ndi sukulu.

Mukaloledwa mudzasaina bond, pangano loti mukamaliza mudzabwerera kudzagwira ntchito kwa nthawi yakutiyakuti, apo ayi mubweze ndalama. Liwerengeni muli pansi, makamaka ngati mtima uli ku Britain kapena ku Ireland. Ndipo tinene poyera: digiri siikweza giredi yokha. Pamafunika kuti udindo wa Nursing Officer ukhalepo wopanda munthu, ulengezedwe, mukachite intavyu. Alipo amene amabwerera ndi gauni n'kupitiriza kulandira za dipuloma kwa kanthawi ndithu. Zimawawa, koma zimawawa kwambiri kwa amene anakongola akuwerengera malipiro atsopano.

Powerengera ndalama, anthu amaona fizi yokha. Onjezani lendi ya nyumba ziwiri ngati banja likutsala ku Nsanje inu muli ku Lilongwe, thiransipoti yopita ku clinical kumene mumakaphunzira mu wodi, laputopu, bandulo, kusindikiza ripoti la kafukufuku. Chotsaninso: ndalama za locum, za mashifiti owonjezera zija, ndi ma alawansi a misonkhano zimatha tsiku limene mwachoka pa roster, ndipo m'nyumba zambiri za anamwino ndi zimenezo zimagula ndiwo mwezi ukafika pakati. Fomu imafunsa amene adzakulipirirani. Ngati ndinu nokha, lembani choncho. Musatchule bungwe limene silinakupatseni kalata. Fizi ya semesita yoyamba ikhale ili m'manja musanalandire yankho, kuti isadzakuthamangitsireni kwa a katapila.

Sukulu zophunzitsa Loweruka ndi Lamlungu kapena kwa masabata angapo motsatizana zimakopa chifukwa munthu sasiya ntchito. Musanalipire funsani zinthu ziwiri: ngati pologalamuyo, osati sukulu yokha, inavomerezedwa ndi National Council for Higher Education, komanso ngati khonsolo ya anamwino imaizindikira. Sukulu itha kukhala yolembetsedwa bwinobwino pomwe digiri imene mukufunayo sinavomerezedwe. Kumbukiraninso kuti maola a clinical sachitika pa foni. Mudzafunika kukaima mu wodi ya chipatala china masabata angapo, ndiye ngakhale sukulu ya kumapeto kwa sabata imafunabe dalitso la metroni. Kutuluka mu naiti 7 koloko m'mawa n'kukakhala m'kalasi 8 koloko kumatheka kamodzi kapena kawiri. Kwa zaka ziwiri, mwina odwala kapena malikisi, chimodzi chimavulala.

Pa kusankha nthambi, tsatani kumene manja anu anazolowera komanso kumene chipatala chanu chikusowa munthu. Wokhala zaka zambiri ku wodi ya ana ali ndi mfundo zolimba zopemphera za umoyo wa ana, wokonda za matenda a maganizo ali ndi Saint John of God College ku Mzuzu. Pempho logwirizana ndi dzenje limene abwana akuliona tsiku ndi tsiku limasainidwa msanga. Amene mukuwalemba ngati okuchitirani umboni akhale oti anakuonani mukugwira ntchito, ndipo muwauze kaye, asadzadzidzimuke ndi foni.

Tsiku lotumiza, musajambule mapepala ndi foni ali pa bedi, chithunzi chamthunzi chidindo chosawerengeka. Pitani pamene pali sikana, pepala lililonse likhale PDF yakeyake yokhala ndi dzina lomveka. Pa silipi ya ku banki palembedwe dzina la wofunsira malo monga liliri pa fomu, osati la mlamu amene munamutuma. Nambala ya foni ndi imelo zikhale zimene mumatsegula nokha. Tumizani kutatsala sabata, poti tsiku lotseka aliyense amakhala pa intaneti pomwepo ndipo makina amalemedwa. Uthenga wotsimikiza ukabwera, usindikizeni, kope imodzi mukasiye kwa metroni kuti ilowe m'fayilo yanu.